Chitofu Chochokera ku Joni

Msasa wa Ogwira Msewu,
Barkly East.
18 Meyi 1986.

Achimwene Neels,

Landirani moni wa mlongo wanu Tillie. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu a Marta ndi ana. Kuno amuna anga a Gawie ali bwino, akusalazabe msewu ndi chimakina chawo. Elsie wakwanitsa miyezi isanu ndi itatu, mano awiri atuluka, koma akutsokomola.

Musadabwe ndi zilembo zokhotazi, zala zachita dzanzi. Chitofu cha gasi cha m'kalavani mwathu chafa. Mukuikumbukira kalavani ija ya agogo awo a Gawie, imene munkainyoza pa ukwati kuti ikuoneka ngati buledi wachitsulo. Ndi yaikulu kwa ine pobadwa, chitofu chakenso chimodzimodzi. Sabata yatha m'kati monse munkanunkha gasi. A Gawie akuti, "Taima ndione pamene akutulukira," n'kuyatsa machesi. Achimwene, machesi! Chinangoti phuu, nsidze zonse kupita. Anzawo akuwatcha Nkhuku Yowaula. Iwo akuseka. Ine sindikuseka, Elsie anali pabedi pafupi pomwepo.

Loweruka anapita nacho kusitolo ya zitsulo m'tauni. Mwini sitolo anachitembenuza n'kunena kuti, "Bwanawe, amene ankapanga zimenezi tinawaika kale m'manda." Paipi ya m'kati yadyeka ndipo ina kulibe.

Tsopano ndikuphika panja. Mphepo ya kumapiri kuno imazimitsa moto katatu madzi asanawire, mkaka wa mwana umazizira ndisanakwere nawo pakhomo. M'mawa madzi a m'ndowa amakhala ataundana. Chotenthetsera china tilibe.

Chimene chikundidya ndi ichi. Apongozi anga, Mayi Lourens, alemba kuchokera ku Bloemfontein kuti mwana sakulira m'chitini, ndiwapatse Elsie amusunge mpaka chisanu chithe. Mukuwadziwa. Akamutenga sadzamubweza. Sanaiwale kuti ndine mwana wa bambo aja amene anafera kuseri kwa bala.

Inu mumagwetsa nyumba zakale tsiku ndi tsiku. Simungandipezere kachitofu kakang'ono kotayidwa? Malo ake ndayeza ndi ulusi umene ndaika m'kalatamu. Mfundo yoyamba ndi m'lifupi, yachiwiri ndi msinkhu.

Chonde musachedwe.

Ndine mlongo wanu,
Tillie.

Johannesburg.
2 Juni 1986.

Tillie, kamlongo kanga kamantha,

Moni kwa iwe, kwa Elsie ndi kwa Nkhuku Yowaula. Umuuze mlamu wangayo kuti gasi amafufuza ndi madzi a sopo, machesi ndi a fodya. Kuno tonse tili bwino.

Pukuta misozi, mchimwene wako wagwira ntchito. Tikugwetsa nyumba zosanjikizana mkati mwa mzinda ndipo m'chipinda china ndapeza chitofu choyera mbee, mbale ziwiri zophikirapo ndi uvuni, ngati sichinaphikepo. Ulusi wako waperewera pang'ono, koma Gawie ali ndi sowo. Abwana anali ku nkhomaliro pamene chinkakwera galimoto, ndiye usachite kuwalembera kalata yothokoza.

Ndachikweza sitima dzulo, mukachitenge kusiteshoni. Mayi Lourens uwauze kuti mdzukulu wawo akhala mofunda kuposa iwo ndi makapeti awo onse. Ndikadzabwera ndikufuna keke ya mkaka yophika mu uvuni umenewo, osati yaiwisi pakati ngati ija ya Khirisimasi.

Mchimwene wako,
Neels.

Msasa wa Ogwira Msewu,
Barkly East.
15 Juni 1986.

Achimwene Neels,

Moni, ndipo Mulungu akudalitseni. Chafika! Ndinachipsompsona pasiteshoni pomwepo anthu akuona.

A Gawie anacheka kabati ya mbale kuti chilowe, n'kulumikiza paipi ku botolo la gasi. Ulendo uno anagwiritsa sopo. Achimwene, moto wake! Chakale chija chinkatulutsa kamoto kakang'ono ka buluu, ichi chikutulutsa moto wautali kuposa chikhato, wachikasu ngati dzungu, ngakhale utachepetsa bwanji. A Gawie anaitana anzawo kudzaona. Akuti, "Ichi ndiye chitofu cha ku Joni, amuna inu, osati timakandulo tanuto." Vuto ndi mapoto okha, akuda bii kunsi, ndipo kudenga kwayamba mwaye. Koma ndani angadandaule ndi mwaye ali pofunda?

A Gawie atsekanso mabowo onse olowetsa mphepo. Kalavaniyi ili ndi kabowo ka sefa pansi pafupi ndi chitseko ndi kena kudenga, sindikudziwa kuti agogo aja ankatifuniranji, mwina poti iwo ankangopita nayo kunyanja nthawi yotentha. Aika makatoni ndi tepi, mawindonso tepi. Ndikayatsa uvuni n'kusiya chitseko chake chotsegula, m'kati mumafunda mpaka Elsie ndimamuvula juzi. Apongozi ndawalembera, ndawauza kuti zikomo koma mwana ali bwino kwa mayi ake.

Mawa tikusamuka. Msewu wa kuno watha, makalavani onse akuwakokera kuseri kwa phiri, kufupi ndi Elliot. Muzilemba kumeneko, ku msasa wa ogwira msewu.

Mlongo wanu wokondwa,
Tillie.

Johannesburg.
16 Juni 1986.
Kwa Tillie Lourens, Msasa wa Ogwira Msewu, Barkly East.

Tillie,

Moni, koma lero nthabwala palibe. Werenga bwino ndipo umuwerengere Gawie.

Musayatse chitofu chija. Ngati mwayatsa kale, zimitsani. Dzulo ndimacheza ndi mkulu wina amene wakhala akulumikiza zitofu zaka makumi atatu, ndinamuuza za mphatso yanga. Anandigwira kolala. Akuti nyumba zakale za kuno zimalandira gasi wa m'mapaipi apansi, amene ndi wofooka, ndiye timitu tamkuwa totulutsira gasi m'chitofumo tili ndi mabowo aakulu. Gasi wa m'botolo ndi wamphamvu, amafuna timabowo ting'onoting'ono. Ukamulowetsa pabowo lalikulu sapsa yense. Moto umakhala wachikasu, mapoto amada, ndipo mumatuluka mpweya wina wopanda fungo. Umayamba ndi mutu, kenako chizungulire ndi kusanza, kenako tulo. Akuti ana ndi amene amayamba kupita.

Ine sindinkadziwa, Tillie. Ine ndimagwetsa makoma basi.

M'bokosi la machesi ili muli timitu titatu toyenera, wandipatsa mkuluyo. Gawie amasule takale ndi sipanala yaing'ono amange iti. Moto ukhale wa buluu. Ndipo mabowo a mphepo a m'kalavani musawatseke ngakhale kuzizire chotani.

Mawa atitumiza ku Witbank kukagwetsa fakitale, tikakhala masabata asanu ndi anayi. Makalata ako ndidzawapeza pobwera.

Neels.

Msasa wa Ogwira Msewu,
Elliot.
6 Julaye 1986.

Achimwene Neels,

Moni. Mwangoti zii bwanji? Kapena ndinakulakwirani posathokoza mokwanira? Lembani ngakhale mizere iwiri, ndilibe wina wolankhula naye.

Sindili bwino. Chifikireni kuno mutu ukundiwawa ngati wina akumanga waya pachipumi. Ndikaimirira pansi pamazungulira. Lachitatu ndinasanza pakhomo, Lachinayi ndinagwa ndi ndowa pampopi akazi onse a pamsasa akuona. Ndikakhala panja kanthawi ndimapepukidwa, ndiye ndimati mwina ndi kuzizira kumene kukundipweteka ndikalowa mofunda, ndimathamangira m'kati kukawonjezera moto. Mimba si mimba, ndatsimikiza.

A Gawie nawonso amadzuka ndi mutu koma akafika kuntchito umatha. Akuti ndi fungo la phula.

Elsie yekha ndiye sakuvutitsa. Amagona usana wonse, mpaka ndimachita kumudzutsa kuti amwe mkaka, masaya ali psuu. Tannie Breggie, mayi wachikulire wa kalavani yoyandikana nafe, akuti, "Mwana wofatsa chonchi ndi mphatso, anga onse asanu ankalira ngati mbuzi."

Koma akazi enawo ayamba kulankhula. Ndinamva wina pachingwe choyanikira zovala akuti, "Dzuwa lili pamutu munthu akudzandira kale, chikhala chotani pofika madzulo?" Mnzake akuti, "Paja ndi mwana wa ndani? Dzungu siligwa kutali ndi mpanda." Anaseka osabisa n'komwe.

Achimwene, inu mukudziwa kuti ine chibadwire sindinalawepo. Tinkawakoka limodzi bambo kuwachotsa m'ngalande, ndingamwe bwanji ine? Koma dzulo a Gawie pobwera anandipeza ndagona pansi, mphika wa supu wapserera. Sanakalipe. Anawerama n'kundinunkhiza pakamwa. Kenako anatsegula makabati onse, mpaka m'thumba la matewera. Ndinati, "Mukufuna chiyani?" Akuti, "Palibe, sipanala." Sipanala m'matewera?

Lero ndaona envelopu yopita kwa amayi awo m'thumba la jekete. Ndikuopa.

Tillie.

Elliot.
22 Julaye 1986.

Achimwene,

Amutenga. Amutenga Elsie.

Ndilemba mwadongosolo kuti mumve. Lachiwiri lapitalo kunagwa chipale chofewa kuyambira m'mawa. Amuna anawatengera kuphiri kukatsegula njira. Nditatha kuchapa ndinayatsa mbale zonse ziwiri ndi uvuni kuti matewera aume m'kati, n'kukhala pabedi ndi mwana. Zimene ndikukumbuka ndi zomwezo.

Tannie Breggie akuti anabwera cha m'ma thili koloko kudzapempha shuga. Anagogoda, zii. Atakankha chitseko anandipeza pansi m'masanzi, Elsie pabedi ali lobodo ngati nsanza, osalira ngakhale anamutsina. Anatikokera panja onse awiri n'kukuwa. Ndiye poti sindinkadzuka anathamangira kabotolo kawo ka mowa wa burande kamene amasungira okomoka, n'kundithira m'kamwa. Wina anatayikira padiresi. Anachita mwachifundo, ndi mmene amachitira kwa aliyense.

Anatikweza kumbuyo kwa lole ya miyala. Mphepo itatiwomba m'njira ndinatsegula maso, Elsienso anayamba kulira. Pofika kuchipatala ndinali ndikuyenda ndekha. Namwino anangondiyandikira n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Adokotala anafunsa kuti mwana ndinamumwetsa chiyani kuti agone. Ndinati palibe. Anati, "Amayi, tonse tili ndi mphuno."

Tannie anawauza kuti burande anathira ndi iwo. Kunabwera mayi wa ku ofesi yoona za ana, Mayi Steenkamp, wa chipewa ndi chikwama chachikopa. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Akazi a m'misasa mumabisirana, si koyamba." Anapita kumsasa kukafunsa ena aja, ndipo anamuuza za ndowa, za kusanza, za bambo athu, zonse.

Lachisanu apongozi anafika pa galimoto ya abusa awo, atanyamula kale bulangeti la mwana latsopano. Kutanthauza kuti ananyamuka kwawo akudziwa. Ndinagwada pakhonde la chipatala, ndinagwira siketi yawo. Anati, "Dzuka Matilda, ukuchititsa manyazi mwana wanga." A Gawie anaima poteropo akuyang'ana nsapato zawo. Ndinati, "Gawie, auzeni, munapezapo botolo inu?" Akuti, "Sindinalipeze." Basi, mawu ake omwewo, ngati kuti ndinalibisa bwino.

Mabere akundiwawa, mkaka ukungotayika. Ndili m'kalavani ndekha ndayatsa uvuni, mutu wayambanso. Mwina ndikupenga, achimwene. Mwina pali chimene ndimachita osadziwa. Muli kuti?

Tillie.

Bloemfontein.
29 Julaye 1986.

Matilda,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Makalata ako atatu ndalandira. Usatumizenso ena, sindikhala ndi nthawi yowerenga zofanana.

Mdzukulu wanga Elizabeth ali bwino. Akudya, akusewera, sakugonanso usana wonse monga ankachitira uko. Chichokereni m'manja mwako wasintha tsiku limodzi, ndipo zimenezi zikuyankha mafunso onse.

Sindikudana nawe. Unabadwira m'nyumba yovuta ndipo magazi ndi magazi. Koma munthu sachira asanavomere. Mayi Steenkamp akuti ukavomera polemba n'kupita kunyumba yothandiza akazi omwa mowa, khoti lingakulole kumuona mwana. Ukapitiriza kukana, sudzaloledwa kufika ngakhale pageti. Mwana wanga Gabriel ndamuuza zomwezi.

Timakupempherera Lachitatu lililonse.

Mayi H. Lourens.

Elliot.
10 Ogasiti 1986.

Achimwene Neels,

Kalata yanu ya pa 16 Juni yafika dzana. Inakhala kupositi ya Barkly East masabata onsewa, woyendetsa lole wina ndiye anaibweretsa pamodzi ndi kabokosi ka machesi. Ndinaiwerenga nditaimirira pampopi. Mutu, chizungulire, kusanza, tulo. Ndinakuwa mpaka akazi aja anatuluka m'makalavani. Sindine wamisala! Sindine chidakwa!

A Gawie anaiwerenga kawiri. Anatenga sipanala, n'kusintha timitu tija, n'kung'amba makatoni onse ndi manja. Moto unabwera waung'ono, wa buluu. Anakhala pansi n'kulira ngati mwana, akuti, "Tillie, ndine ndinatseka mabowo." Chiyambire dzanalo mutu sunandiwawe.

Dzulo tinapita kwa Mayi Steenkamp ndi kalatayo ndi timitu takale m'thumba. Ndinkathamanga m'njira. Anaiwerenga n'kuibweza. Akuti kalata ya mchimwene wako si umboni, aliyense angalembere mlongo wake n'kuikapo tsiku lakale, ndipo timikuwa iti mukanatola paliponse. Pepala la adokotala likunena za burande. Koma akuti pali njira. Inu mukalumbire kupolisi polemba kuti chitofucho chinachokera m'nyumba yakuti, ya gasi wa m'mapaipi, ndipo abwana anu asainire kuti n'zoona, ndi chidindo cha kampani. Akuti zikatero atumiza munthu wodziwa kudzachiona ndipo nkhani ibwerera kukhoti.

Ndi pepala limodzi lokha, achimwene. Khoti likhala pa 4 Sepitembala. Chonde, chonde, lifike lisanafike tsikulo. Ndayamba kale kuchapa zofunda zake.

Mlongo wanu,
Tillie.

Johannesburg.
21 Ogasiti 1986.

Tillie, mlongo wanga,

Moni. Ndabwera kuchokera ku Witbank ndapeza makalata ako onse pathebulo. Ndawerenga nditakhala m'galimoto kuti ana asandione nkhope. Kalata ino ndayamba kanayi.

Tillie, chitofu chija sindinapatsidwe. Zonse za m'nyumba zija, zitofu, mabafa, zitseko, abwana anali atagulitsa kale kwa munthu wina, ndipo chitasowa chimodzi anachotsa ntchito mlonda. Ndikapita kwa iwo ndi pepala limenelo ndiye kuti ndadzipereka ndekha. Ukudziwa kuti ndinakhalako kale kundende miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha mapaipi amkuwa aja. Woweruza anandiuza kuti ndikadzabweranso ndi zaka. Marta ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ana atatu ali kale pakhomo. Ndinamuuza Marta usiku wa dzana. Akuti, "Ukapita kupolisi ubwere ndi makiyi a nyumba uwasiye, poti sitikhalamonso."

Sindikukana, mlongo wanga, ndikuti tidikire. Mwina mkulu wa zitofu uja angalembe osatchula nyumba. Ndamufunsa, akuti aganizire, iyenso amadya kwa abwana omwewo. Mwina khoti lingasunthe tsiku. Elsie ali kwa agogo ake, sakugona ndi njala. Zinthu zimasintha.

Ndatumiza kajuzi kofiira kamene waluka Marta. Usandide.

Neels.

Elliot.
7 Sepitembala 1986.

Achimwene Neels,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Kajuzi kafika, muwathokoze a Marta. Ndakapereka kwa apongozi, akuti ndi kakang'ono.

Musavutikenso ndi mkulu uja. Ndinadikira positi mpaka Lachitatu madzulo. A Gawie anati tikanene tokha kumene chitofu chinachokera. Ndinagona ndikuganiza za ana anu atatu ndi wachinayi ali m'njira, ndi mlonda uja amene sindikumudziwa n'komwe. Ndinaganizanso kuti ngakhale titanena, inu mukakana, ine ndatsala ndi chiyani? Khoti silisuntha tsiku chifukwa cha mkazi wa m'kalavani.

Lachinayi m'mawa ndinalowa mu ofesi ya Mayi Steenkamp ndisanapite kukhoti. Ndinati ndabwera kudzavomera. Anavula magalasi, anandigwira dzanja, anandithirira tiyi m'kapu yawo yeniyeni. Akuti, "Mwana wanga, lero wayamba kuchira." Kenako anatenga cholembera n'kufunsa kuti ndinkamwa mabotolo angati pa sabata. Achimwene, sindinadziwe. Munthu womwa amamwa angati? Ndinayesa kukumbukira a bambo. Ndinati awiri. Anandiyang'ana, n'kulemba atatu. Anafunsa kumene ndinkabisa, ndinati m'matewera. Ndinasaina.

A Gawie anatuluka panja nthawi yosaina. Akudziwa zoona koma amayi awo akuti chitofu sichinunkha burande, ndipo iwo sanayambe awayankhapo amayi awo chibadwire.

Mawa andiperekeza kusitima. Ndikakhala kunyumba ya akazi omwa mowa miyezi isanu ndi umodzi. Ndikatuluka ndi kalata yabwino, ndizimuona Elsie Lamlungu loyamba la mwezi, ola limodzi, apongozi ali pomwepo. Zoti adzabwerera kwa ine palibe amene wanena.

Anandilola kumunyamula pakhonde la khoti. Wanenepa, mano ndi asanu. Akuima yekha akagwira mpando. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakwinya nkhope n'kutambasulira manja kwa agogo ake. Sindinalire, ndinaopa kuti alemba.

Sindikukudani. Munatumiza chifukwa ndinapempha. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo ichi musati tidikire. Mwanayu akulira m'nyumba imene aliyense adzamuuza kuti amayi ake anatsala pang'ono kumupha ndi mowa, ndipo pepala lilipo, dzina ndinalemba ndi dzanja langa. Ine ndikadzamuuza zina sadzakhulupirira. Akadzafika zaka zomva zinthu, mudzapite inuyo, mudzakhale naye pansi, mudzamuuze za chitofu. Pofika nthawi imeneyo palibe amene adzakumangeni.

Kumene ndikupitako salola makalata miyezi itatu yoyamba.

Ndine mlongo wanu,
Tillie.